Zoyenera kuchita kompyuta ikamauma kapena kuzima pamene mukusewera gemu

Kompyuta imene imagwira bwino ntchito polemba makalata, poonera mafilimu ndi potsegula Facebook, koma n'kuuma kapena kuzima mukangosewera gemu kwa mphindi zochepa, kawirikawiri imakhala ndi vuto pa graphics card (khadi limene limapanga zithunzi zooneka pasikirini) kapena pa zinthu zimene zimathandiza khadilo, chifukwa gemu ndiyo ntchito imene imalikakamiza kukoka magetsi ambiri ndi kutentha kwambiri. Anthu ambiri kuno ku Salima akaona zoterezi amathamangira kunena kuti khadi lafa, n'kuyamba kufunsa mitengo ya lina ku Lilongwe, chonsecho vuto lili pa fumbi, pa kutentha kwa m'chipinda, pa magetsi osakwanira kapena pa driver yosokonekera (driver ndi pulogalamu imene imathandiza Windows kulankhulana ndi khadi). Malangizo awa ayambira pa zimene sizifuna ndalama n'kumalizira pa zimene zimafuna ndalama. Pa gawo lililonse muzisintha chinthu chimodzi chokha, kenako muzisewera gemu yomweyo pamalo omwewo pamene imakonda kufera, ndipo muzilemba papepala zimene zachitika, chifukwa mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chachiza, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi.

Choyamba, onetsetsani mmene ikufera

Kafedwe ka kompyuta kamasonyeza kumene muyenera kuyang'ana. Ngati gemu ikungodzitseka n'kukubwezerani pa desktop, zina zonse zili bwino, ganizirani kaye za mafayilo a gemuyo, driver kapena kuchepa kwa memory. Ngati chithunzi chikuuma, sikirini n'kuda kwa kanthawi kenako n'kubwerera ndi uthenga wakuti "Display driver stopped responding and has recovered", ndiye kuti Windows yadikira khadi kwa masekondi 2 osayankhidwa, n'kuyambitsanso driver mokakamiza. Ikalephera kutero imaonetsa sikirini ya buluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE. Ngati kompyuta yonse ikuzima mwadzidzidzi kapena kuyambiranso yokha popanda uthenga uliwonse, nkhani yake nthawi zambiri imakhala ya magetsi kapena kutentha kopitirira muyeso. Koma ngati pasikirini pakutuluka timadontho tamitundumitundu, mizere kapena timabokosi tophethiraphethira gemu isanafe, chimenecho ndi chizindikiro choipa, chifukwa chimakonda kuloza ku memory ya pakhadi penipenipo.

Chithunzi chikauma, musafulumire kuzula pulagi. Dinani pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mukamva kaphokoso kakafupi ndipo sikirini n'kuphethira, ndiye kuti kompyuta ili moyo, chimene chinaima ndi driver. Mukayatsanso, lembani Event Viewer pamalo ofufuzira, mutsegule Windows Logs kenako System, ndipo muyang'ane zimene zinalembedwa pa ola limene vuto linachitika. Nambala 4101 yochokera ku Display imatsimikiza kuti driver inasiya kuyankha, ndipo dzina lakuti nvlddmkm ndi la driver ya makhadi a kampani ya NVIDIA, pamene amdkmdag kapena atikmpag ndi a makhadi a kampani ya AMD. Nambala 41 yochokera ku Kernel-Power imangonena kuti kompyuta inazima mosalongosoka, sitchula chifukwa chake, koma ikamapezeka yokha popanda uthenga wa driver, pitani msanga ku gawo la magetsi.

Chachiwiri, yezani kutentha

Malangizo ambiri olembedwa kumayiko ozizira amayambira pa driver. Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, ndikuona kuti kutentha kuyenera kukhala patsogolo. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mpweya umene fani ikukokera m'khadi umakhala wotentha kale. Khadi limene limasewera bwinobwino ku Dedza likhoza kumafa masana aliwonse ku Kamuzu Road kapena ku Senga Bay popanda chilichonse chothyoka. Ngati kompyuta yanu imafa cha m'ma 2 koloko masana koma imapirira usiku, kapena ngati vuto linayamba nyengo ya mwera itatha, mwapeza kale theka la yankho.

Ikani pulogalamu yaulere ya GPU-Z, mutsegule pamene palembedwa Sensors, ndipo muchonge Log to file kuti manambala azilembedwa m'fayilo, chifukwa kompyuta ikazima mudzafuna kuona pamene kutentha kunafika mphindi yomaliza. Khadi likamasewera gemu pa madigiri apakati pa 65 ndi 80, palibe chodetsa nkhawa. Makhadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzichepetsera liwiro cha pa madigiri 83, ndipo likamayandikira 90 ndiye kuti pali vuto lofunika kulikonza. Makhadi ena amaonetsanso nambala yachiwiri ya Hot Spot (kutentha kwa malo otentha kwambiri pa chip ya khadi), imene mwachibadwa imakhala yokwera kuposa yoyamba ndipo pa makhadi atsopano a AMD malire ake ndi 110. Manambala awiriwa akasiyana kwambiri, monga ndi madigiri 30, nthawi zambiri thermal paste, phala limene limapakidwa pakati pa chip ndi timalata tozizirtsa, imakhala itauma.

Pali njira yosavuta yotsimikizira musanamasule chilichonse: chotsani chitseko cha m'mbali mwa bokosi la kompyuta, muyatse fani ya m'nyumba n'kuilozetsa mkatimo, kenako musewere. Vuto likatha kapena likachedwa kubwera, mlandu ndi wa kutentha. Pamene bokosi lili chitsegukire, yang'anani ngati mafani a khadi akuzungulira onse. Dziwani kuti pa makhadi ambiri atsopano mafani amaima dala khadi likakhala lozizira, choncho muwayang'ane gemu ili mkati. Fani imene ikulira mokhwekhwereza, imene ikugwedera, kapena imene imafuna kuikankha ndi chala kuti iyambe, yatha ntchito ndipo iyenera kusinthidwa, zomwe n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi khadi latsopano.

Poyeretsa, zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atheretu, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze za mkati. Chotsani nthambo ya magetsi ya pakhadi, masulani sikuluu imene yaligwira kumbuyo, ndipo musaiwale kudina kokowera kakang'ono kamene kali kumapeto kwa malo olowetsamo khadi, chifukwa mukalikoka mwamphamvu kakadali kotseka mukhoza kuwononga motherboard. Mukaliunika ndi tochi ya foni, mudzaona kuti pakati pa fani ndi timalata tozizirtsa pamakhala fumbi lofiirira logwirana ndi ulusi ndi tsitsi, nthawi zina pamodzi ndi mapiko a tizilombo timene timatsata kuwala usiku, ngakhalenso mphemvu zimene zimakonda malo ofunda. Pitani nalo pabwalo, mulipukuse ndi bulashi youma yofewa, kenako muliuzire ndi bulowa mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mothamanga. Musauzire ndi pakamwa chifukwa cha malovu, musagwiritse ntchito nsalu yonyowa, ndipo samalani ndi makina opopera matayala, popeza mpweya wake umatuluka ndi madzi nthawi zina. Yeretsaninso mafani a bokosi ndi a CPU nthawi yomweyo.

Ngati khadi lakhala zaka zambiri osatsegulidwa ndipo kuyeretsa sikunatsitse kutentha, sinthani thermal paste. Masulani masikuluu a kumbuyo pang'onopang'ono mosinthanasinthana, zulani kanthambo ka fani mosamala, pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol, ndipo mupake yatsopano yokwana ngati njere ya nandolo pakati pa chip, kuti mukamanga ifalikire pachip ponse. Timapadi tofewa timene tili pamwamba pa memory musatitaye kapena kuting'amba. Mankhwala otsukira mano sangalowe m'malo mwa paste, ngakhale ena amatero, chifukwa amauma m'masiku ochepa. Ngati khadi lili ndi chitsimikizo cha wogulitsa, mufunseni kaye musanalitsegule. Mukamaliza zonsezi, kompyuta isabwerere pansi pa simenti kapena m'kabati yotseka kumbuyo, ndipo kansalu kokongoletsera kamene kamayalidwa pamwamba pake kazichotsedwa ikamayaka.

Chachitatu, fufuzani magetsi

Apa ndi pamene makompyuta ambiri a kaunjika amagwera. Ambiri mwa iwo anapangidwira ntchito za mu ofesi, ndipo power supply yawo, kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kompyuta, imakhala ya mawati apakati pa 180 ndi 300, kenako munthu n'kuikamo khadi la magemu osasintha china chilichonse. Malo olowetsamo khadi pa motherboard amapereka mawati 75 okha, nthambo ya mabowo 6 imawonjezera 75, ndipo ya mabowo 8 imawonjezera 150. GTX 1050 Ti imakoka mawati 75, n'chifukwa chake yambiri safuna nthambo yapadera. GTX 1060 imakoka 120 ndipo opanga amalangiza power supply ya 400, RX 580 imakoka 185 ndipo imafuna ya 500, pamene RTX 3060 imakoka 170 ndipo imafuna ya 550.

Werengani chipepala chimene chamatidwa pa power supply yanu, koma musakhulupirire nambala yaikulu yokhayo. Yang'anani mzere wa 12V ndi kuchulukitsa ma ampeya ake ndi 12: ngati palembedwa 18A, ndiye kuti muli ndi mawati 216 okha oti khadi ndi CPU zigawane, ngakhale pamwamba patalembedwa 500. Power supply yopepuka kwambiri m'manja, yopanda dzina lodziwika, yopanda nthambo yakeyake ya khadi, siyenera kudaliridwa. Tizingwe tosinthira kuchoka pa SATA kupita pa mabowo 6 kapena 8 ndi toopsa, chifukwa pulagi ya SATA inapangidwira mawati osapitirira 54, ndipo ikakakamizidwa imatentha mpaka kusungunuka. Zulani nthambo ya khadi muione ngati mapulasitiki ake ada kapena akununkha kupsa, ndipo poibwezera muikankhe mpaka ilire kuti yakola. Bokosi la power supply lenilenilo musalitsegule, chifukwa mkati mwake mumatsala magetsi oti akhoza kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Kenako ganizirani za kukhoma. Magetsi athu ndi a 230V, koma amatha kutsika madzulo pamene aliyense akuphika, kapena pamene chigayo kapena makina owotcherera zitsulo a pafupi ayatsidwa. Ngati mababu amachita mdima nthawi imene kompyuta ikuzima, vuto likhoza kukhala lochokera kunja kwa bokosi. Ichotseni pa ekisitenshoni yotchipa imene ikugawana ndi filiji kapena ayironi, muilumikize pa soketi yakeyake yolimba imene ili ndi waya wa earth. UPS, chipangizo cha batire chimene chimasunga magetsi akazima, imathandiza, koma iyenera kukwana: ya 650VA nthawi zambiri sipereka mawati opitirira 400, ndipo ngati pali kompyuta ndi sikirini, imatha kulira n'kuzima gemu ikafika povuta, inu n'kumanamizira khadi. Yesani kamodzi popanda UPS kuti muone kusiyana. Amene mumagwiritsa ntchito sola, dziwani kuti ma power supply ambiri amakono sagwirizana bwino ndi inverter yotchipa, amafuna ya pure sine wave, ndipo jenereta yaing'ono imene liwu lake limakwera ndi kutsika siyoyenera kuseweretsa gemu popanda chowongolera magetsi pakati.

Njira yabwino yoyesera ndi pulogalamu ya MSI Afterburner, imene imagwira ntchito ndi makhadi a makampani onse. Tsitsani Power Limit kufika pa 75 peresenti, ngati khadi lanu likulola, kenako musewere. Kuzima kukatha, ndiye kuti power supply ikulephera katundu kapena khadi limatentha, ndipo manambala a GPU-Z aja adzakuuzani kuti mwa ziwirizi ndi chiti. Chotsimikiziratu ndi kubwereka power supply yamphamvu kwa mnzanu kwa tsiku limodzi.

Chachinayi, chotsani driver yakale ndi kuika yatsopano

Kuika driver pamwamba pa inzake kumasiya zotsalira, makamaka ngati m'kompyutamo munali khadi la kampani ina kale. Yambani mwatenga driver yoyenera pa tsamba lenileni la NVIDIA, AMD kapena Intel, osati kudzera m'mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi. Fayilo yake imakhala ya mamegabayiti mazana angapo, choncho konzekerani bandulo yokwanira ndipo muisunge pa fulashi kuti musadzaigulirenso data. Tenganinso pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller, imene ambiri amangoti DDU. Zimitsani intaneti kuti Windows isadziikire driver yake, gwirani Shift podina Restart, musankhe Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako mudine 4 kuti mulowe mu Safe Mode. Tsegulani DDU, musankhe kampani ya khadi lanu ndi Clean and restart, ndipo kompyuta ikayakanso muike driver ija musanabwezere intaneti.

Driver yatsopano kwambiri si nthawi zonse imene imakhala yabwino. Ngati vuto linayamba tsiku limene munaika yatsopano, bwererani ku imene inalipo kale, makamaka pa makhadi akale. Ena amalangiza kusintha nambala ya TdrDelay mu registry kuti Windows izidikira nthawi yaitali, koma ine sindikulangizani zimenezo, chifukwa zimangobisa chizindikiro pamene chimene chikuchedwetsa khadi chikadalipo.

Chachisanu, yang'anani gemu yeniyeniyo

Ngati imene ikufa ndi gemu imodzi yokha, zina zikuyenda bwino, khadi lilibe mlandu waukulu. Pa Steam, dinani kumanja pa dzina la gemu, musankhe Properties, Installed Files, kenako Verify integrity of game files. Tsitsani Textures ndi Shadows, chifukwa khadi la 2GB kapena 4GB limadzaza msanga pa magemu atsopano, ndipo mukhoza kuona kudzazako mu Task Manager pansi pa Performance. Yatsani V-Sync kapena muike malire a 60 fps kuti khadi lisamathamange pachabe, zomwe zimatsitsanso kutentha. Ngati gemu ikulola, sinthani kuchoka pa DirectX 12 kupita pa DirectX 11, ndipo tsekani mapulogalamu ojambula sikirini kapena oonetsa mauthenga pamwamba pa gemu.

Magemu okoperana pa fulashi amafika nthawi zina ndi mafayilo operewera, ndipo ena amabisa mapulogalamu okumba ndalama za pa intaneti pogwiritsa ntchito khadi lanu. Ngati GPU-Z ikuonetsa kuti khadi likugwira ntchito kwambiri ndi kutentha pamene palibe chimene mwatsegula, yendetsani Full scan mu Windows Security.

Chachisanu ndi chimodzi, liwiro ndi RAM

Ngati inu kapena mwini wake wakale anakweza liwiro la khadi, dinani Reset mu Afterburner. Likapitiriza kufa, tsitsani Core Clock ndi 100 MHz, muyese, kenako muchite chimodzimodzi ndi Memory Clock payokha. Khadi lokalamba limatha kukhazikika pa liwiro lotsikirapo, ndipo kusiyana kwake posewera sikuoneka kwenikweni.

RAM yowonongeka imanamizira khadi kawirikawiri. Lembani mdsched pamalo ofufuzira kuti Windows iiyeze, kapena mugwiritse ntchito MemTest86 usiku wonse ngati magetsi alola. Ngati muli ndi timitengo ta RAM tiwiri, sewerani ndi kamodzi, kenako ndi kanzake, ndipo ngati XMP, imene imakweza liwiro la RAM, ndi yoyatsa mu BIOS (pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanatseguke) muizimitse kaye. Chinyezi cha nyengo ya mvula kuno kunyanja chimadetsa timano tagolide ta RAM ndi ta khadi, choncho tipukuteni mopepuka ndi labala woyera wofufutira pensulo, muchotse zinyenyeswa zake, n'kubwezera molimba. Yesaninso nthambo ina ya HDMI kapena DisplayPort, ndipo onetsetsani kuti yalowa pakhadi, osati pa motherboard.

Pomaliza, liyeseni pa kompyuta ina

Zonsezi zikakanika, tengani khadi lanu mukaliike m'kompyuta ya mnzanu imene ili ndi power supply yokwanira, ndipo lake muliike mwanu. Lanu likakafanso kumeneko pamene lake likusewera bwino kwanu, mwapeza yankho lenileni. Zizindikiro zina zakuti khadi latha ndi mizere kapena madontho ooneka kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke, komanso Code 43 mu Device Manager imene sikuchoka ngakhale mutagwiritsa ntchito DDU.

Makhadi ogula kwa ena amafuna kuwafufuza mwapadera. Ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya njira yokumba ndi makhadi mu Seputembala 2022, makhadi ambiri amene ankagwira ntchito usana ndi usiku, makamaka RX 570 ndi RX 580, anathiridwa pamsika wa kaunjika. Ena mwa iwo ali ndi BIOS ya pakhadi yosinthidwa, imene imachititsa kuti driver ikane kapena gemu izifa, ndipo wokonza makompyuta wodziwa ntchito akhoza kubwezeramo yoyambirira. Ntchito imeneyi musaiyese nokha pamalo pamene magetsi angazime pakati. Palinso makhadi achinyengo, akale kwambiri koma olembedwa dzina latsopano monga GTX 1050 Ti, amene amafa gemu ikangofuna memory yoposa imene ilipodi, ndipo GPU-Z imalemba FAKE kutsogolo kwa dzina la ambiri mwa iwo. Wina akakuuzani kuti aliwotcha chip ndi mpweya wotentha kuti lidzuke, dziwani kuti nthawi zambiri limadzuka kwa kanthawi kochepa n'kufanso, choncho musalipire ndalama zambiri pa ntchito imeneyo, ndipo musaligulitse kwa wina ngati labwino.

Ngati mwafika pogula lina, werengerani kaye mawati a power supply yanu ndi kuyeza ngati khadilo lingakwane m'bokosi, popeza mabokosi opyapyala a mu ofesi amalola makhadi a low profile okha. Musalipire musanalione likugwira ntchito: pemphani wogulitsa aliike m'kompyuta, mutsegule GPU-Z kuti muone dzina ndi kukula kwa memory, kenako muyendetse gemu yolemera kapena pulogalamu yoyesera makhadi ya Unigine Heaven kwa mphindi zosachepera 30 mukuyang'ana kutentha, mafani ndi sikirini. Kumbukirani kuti manambala amene mwaona m'shopu yozizira ya ku Lilongwe adzakwera mukafika nalo ku Salima, choncho khadi limene likuonetsa kale madigiri opitirira 80 kumeneko mulisiye, ndipo pa limene mwasankha mugwirizane ndi wogulitsa masiku oti mukhoza kulibweza, zilembedwe pa lisiti.